Ojambula mapiri pakhoma ku Nchalo: luso lilipo, koma musamale kunsi kwa khoma

Pali kagulu ka anyamata atatu ku Nchalo komwe kamalemba masitolo ndi kujambula zithunzi zikuluzikulu pamakoma. Ntchito yawo yomwe tikuikamba pano ili pampanda wa malo ena ogona alendo m'mbali mwa msewu wa M1: khoma la mamita 12 m'litali ndi 3 kukwera, ndipo anajambulapo mapiri a Thyolo monga amaonekera munthu ali kutsidya lino la Shire.

Kayambidwe kawo nkabwino. Pulasitala watsopano samukhudza mpaka atatha masiku 28, chifukwa simenti yaiwisi imadya penti. Akakwecha khoma amapaka andakoti (penti woyambira) wa pasimenti, kenaka penti woyera wa madzi, wa panja. Pakhoma losalala lita imodzi imakwana masikweya mita 8 kapena 10, choncho khoma ili limadya malita 4 kapena 5 pa kupaka kumodzi. Pulasitala akakhala wokhakhala, onjezani. Chithunzi amayamba achijambula papepala la timabokosi, kenaka amadula khoma m'mabokosi a masentimita 50 ndi chingwe chopaka choko, nkumakopera bokosi ndi bokosi. Nchifukwa chake msana wa phiri sunapindike pofika kumapeto.

Pomwe amaposa anzawo ndi pa mitundu. Ojambula ambiri amathira wobiriwira mmodzi phiri lonse, nkutuluka ngati mulu wa chisoso. Awa anayamba thambo, lakuda buluu kumwamba, lomka liyera potsikira kumapiri. Mzere wakutali anausakaniza ndi woyera wambiri mpaka kutuwa, monga zimakhalira nthawi ya fumbi ndi utsi wa lupsa mu Okutobala. Mzere wapakati ndi wobiriwira mozimiririka, zigwembe zake zili ndi mthunzi mbali imodzi yokha. Pafupi penipeni mpomwe anaika mitundu yowala: nzimbe, migwalangwa iwiri ndi mlambe umodzi, womwe makwinya a khungwa lake anawalemba ndi bulashi youma. Mtundu uliwonse amausakaniza wokwanira m'ndowa ya chivundikiro nkulembapo nambala, pakuti penti akathera pakati simungampezenso wofanana.

Dzuwa la kuno amalidziwa. Amayamba mbandakucha, ikamakwana 9 koloko atsika pamakwerero, nkudzabwerera dzuwa litapendeka. Khoma likatentha penti amauma asanagwire, bulashi imasiya mizere ndipo pamatuluka matuza. Madzi osungunulira amatenga a pampopi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi yamchere.

Vuto lili kunsi. Theka la mita kuchokera pansi payamba kutuluka ufa woyera ndipo penti akusupuka zigambazigamba, pomwe pali nzimbe paja. Ndi mchere wokwera ndi chinyezi kuchokera m'nthaka, poti mpanda unamangidwa opanda pulasitiki wotchinga chinyezi pamaziko. Omanga ndiwo anayambitsa, inde, koma wojambula wodziwa dera lino amayenera kuchenjeza mwini khoma. Pamafunika kupala ufawo wouma ndi bulashi ya waya, osautsuka ndi madzi, kusiya kunsiko ngati lamba wa mtundu umodzi wosavuta kupakanso, ndi kuthira simenti yotsetsereka m'mphepete kuti mvula isamathovukire pachithunzi. Madera omwe madzi anafika m'makoma nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, vutoli ndi lalikulu kwambiri.

China: anapaka vanishi wa matabwa pamwamba kuti chithunzi chiwale, ndipo thambo layamba kale chikasu. Mukanize zimenezo, ngati mukufuna chotchinjiriza, pakhale chopanda mtundu, choonekera ngati galasi, cha akiliriki. Khoma loyang'ana kuzambwe limasulutsa msanga ofiira ndi achikasu, ndiye mitundu imeneyi ikhale yochepa.

Amalipiritsa powerenga masikweya mita, penti mumagula nokha. Aitaneni, koma mugwirizane polemba kuti kukonza kunsi kwa khoma kuli mumtengo, ndipo ndalama yomaliza muisunge kufikira penti atauma sabata ziwiri.