Kawayilesi ka Baibulo ka pa Kamuzu Road, miyezi inayi tsopano

Amayi angapo kutchalitchi akhala akundifunsa za kawayilesi kamene ndinagulira apongozi anga, nde ndati ndingolemba kamodzi basi. Ndi kakang'ono kokwana m'dzanja, kumbuyo kali ndi kasola, kutsogolo tochi, pambali polowetsa memori khadi. Ndinagula mu shopu ina ya zamagetsi pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo Baibulo lomvetsera anandiikira pa khadi komweko.

Ndinene chilungamo, sikuti ndinagula chifukwa cha chikondi chambiri ayi. Apongozi anabwera kudzakhala nafe maso atachita ng'ala, munthu woti moyo wake onse ndi wa Chigwirizano, Baibulo silinkachoka m'manja, pano zilembo sakuziona, nde tsiku lonse ankangonditsata kukhitchini, nsima yafewa, usipa mwachulutsa tomato, mwana simunamusambitse bwino, mpaka ine kuyamba kuchedwa dala kumsika. Ndinkangofuna apeze chochita andipatse mpata.

Kumbali ya mawu kali bwino zedi, abambo amene amawerengawo sathamanga ndipo voliyumu ndiyokwanira, ukhoza kumamva uli panja ukutsuka mbale. Chaji si nkhani, dzuwa la ku Salima mukulidziwa, timangokasiya pa chidebe m'mawa, madzulo kamalankhula mpaka titagona olo magetsi azime. FM imagwiranso, TWR timaimva bwinobwino.

Koma pali zondinyansa. Ukakazimitsa sikakumbuka pamene unalekezera, kamakayambiranso Mateyu 1, moti Abrahamu anabala Isake tamumva kambirimbiri m'nyumba muno, mwana wanga wa sitandade 2 amatchula mayina aja ngati nyimbo kkkk. Mabatani onse ndi ofanana kukula, munthu wosaona bwino akafuna kukweza mawu amapezeka wadumphira ku Maliko. Ine ndinamata kaselotepi pa batani loyatsira kuti azilimva ndi chala, zinathandizako.

Chachikulu nchakuti mnyamata wa mu shopu anandiuza kuti muli Baibulo lonse, kufika kunyumba muli Chipangano Chatsopano chokha, mabuku 27 pa 66. Ndabwererako katatu, yankho lake ndi lomwelo, amayi mubwere sabata yamawa tikuikirani. Kabaza wokha ndawononga ndalama yoti ndikanagula khadi ina.

Tsono apongozi chimene amakonda ndi Masalmo. Tsiku lina madzulo anangoti, amake mwana, Salmo 121 mulibe umu eti? Ndinachita manyazi, ndinatenga Buku Lopatulika lawo lija, lakutha chikuto, lomangidwa ndi kansalu ka chitenje, nkukhala pamphasa kuyamba kuwerenga. Abale Chichewa chake chija si chamasewera, ndi lija linatuluka mu 1922, ntchito yomasulira ankatsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma, ndipo lawoli ndi la kalembedwe kakale kolemba cifukwa, cikondi, popanda h. Ine wozolowera Buku Loyera la 1998 ndinkangopunthwa, iwo ali chitsinzinire akundikonza mawu ndi mawu poti zonse zili m'mutu. Poyamba zinandipweteka, ndinati ngakhale apa akundidzudzulabe, koma kenaka tinaseka tonse nditalephera mawu amodzi katatu.

Kuyambira tsiku limenelo zinangokhala chizolowezi, masana amamvetsera kawayilesi, tikadya madzulo ndimawawerengera ine zimene mulibemo. Titafika pa buku la Rute, machaputala 4 okha aja, anandiimitsa pakati nkuyamba kundifotokozera mmene apongozi awo ankawavutitsira ali mtsikana ku Khombedza, kuwatumiza kumadzi kawiri tambala asanalire. Nkhani imeneyi ngakhale amuna anga sankaidziwa. Atamaliza anapempherera ine ponditchula kuti mwana wanga, ndinadzuka kukayang'ana moto woti unali utazima kale.

Nde kugula mukhoza kugula, makamaka ngati muli ndi agogo ovutika maso kapena munthu wosatha kuwerenga, koma musachoke mu shopu musanamve Genesis ndi Masalmo ndi makutu anu, ndipo funsani ngati kalipo kamene kamasunga pamene mwalekezera. Ku shopu kuja ine ndinasiya kupitako. Dzulo tinali pa Miyambo 15, ndipo nsima akuti ikufewabe.