Ma caliper anafika, mafuta anataya, mabawuti akusowa, koma akuti "katundu munalandira"

Amene mumadalira makampani aja okubwereketsani adiresi ya kosungira katundu kwawo, n'kumakutumizirani zomwe mwagula pa intaneti, ndimvereni kaye musanaitanitse zipangizo za njinga. Ine kumeneko sindidzapondakonso.

Njinga yanga ndi yamagetsi, ya gravel, ija yoyenda pa tala ndi m'fumbi momwe. Inabwera ndi ma caliper (zitsulo za buleki zofinya mapadi pa disiki) a mapisitoni awiri ndi madisiki a mamilimita 160. Pa njinga wamba amenewa ndi okwanira. Koma mota ndi batire zili ndi kulemera kwake, mwini wakene sindine wochepa thupi, kuphatikiza chikwama cha kuntchito kumbuyoku. Pamtsetse wautali mabuleki ankatentha, mphamvu n'kumachepa, pofika pansi zala zili wawawa chifukwa chofinya. Ndiye ndinaganiza zoika ma caliper a mapisitoni anayi ndi disiki ya 180 kutsogolo, popeza foloko yanga imalola kukula kumeneko. Onani kaye zimenezi, abale, si foloko iliyonse ya gravel imene imavomera 180.

Wogulitsa amene anali ndi ma caliper okwana pa felemu yanga satumiza kudziko lomwe ndikukhala. M'pamene ndinalowera m'manja mwa anthu awa.

Oda yake inali yotere: ma caliper awiri, disiki imodzi, adaputala, kathumba ka mabawuti, mapadi, ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki. Zonsezi pasikelo sizikwana kilogalamu imodzi. Katundu atafika kosungira kwawo ananditumizira uthenga msangamsanga, ndi chithunzi cha katoni chomwe. Ndinati eee, koma anthuwa ndi olongosoka. Kenako kunabwera bilu ya makilogalamu pafupifupi asanu. Sayang'ana sikelo yokha ayi, amayeza katoni: utali kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 5000. Katoni ya 40 ndi 30 ndi 20 imatuluka makilogalamu 4.8 ngakhale mkati muli mapepala okhaokha. Kawerengedwe kameneka n'kodziwika kwa onyamula katundu pandege, sindikukana. Chimene chimandipsetsa mtima n'choti pa chowerengera mitengo chomwe anaika patsogolo penipeni amangofunsa kulemera basi, za katonizo anazibisa kumunsi m'timalemba ting'onoting'ono.

Ndinawapempha kuti alongedzenso m'kakatoni kakang'ono. Anavomera, koma pamtengo. Ndinalipira.

Zimene anachita polongedzapo ndinazidziwa mochedwa, katundu ali kale m'njira. Pa lisiti lomaliza panali mzere wachilendo, chindapusa cha "kutaya katundu woletsedwa". Mafuta anga aja. Anachotsa kabotoloko osandifunsa, osandiuza, n'kundilipiritsa chifukwa chotaya chinthu changa chomwe. Nditafunsa, yankho linali lakuti zamadzimadzi sanyamula pandege, zili m'malamulo awo. Chabwino, malamulo ndi malamulo. Nanga uthenga uja munathamanga nawo ndi chithunzi cha katoni, unakanika bwanji pa tsiku lotaya mafuta?

Sizinathere pomwepo. Pa fomu ya kasitomu analemba kuti ndi zipangizo za njinga yamagetsi. Mawu akuti "yamagetsi" amenewo ndi amene anandigwetsera m'mavuto, chifukwa aliyense wowona katundu akangowerenga amaganiza za batire ya lithium, yomwe ili m'gulu la katundu woopsa ndipo ili ndi malamulo akeake pandege. Phukusi linaimitsidwa kuti alitsegule. Tracking inangouma pamalo amodzi, tsiku ndi tsiku mawu omwewo. Ukalemba uthenga akuyankha ndi makina, kukubwezera mafunso omwe wayankha kale. Munthu weniweni nditamupeza anangoti nkhaniyo ili m'manja mwa anzawo a kuno, ndiwaimbire iwowo. A kunowo akuti funsani amene anatumiza. Kenako a kunowo ananditumizira bilu yawo: msonkho, umene sindikudandaula nawo chifukwa ndi wa boma, ndi chindapusa china pamwamba chakuti anandilipirira msonkhowo. Sindinawatume.

Tsiku lofika, m'malo mwa katoni ndinalandira thumba la pulasitiki lomatidwa ndi tepi ya mitundu iwiri. Ma caliper anali bwino, mwayi wake ndi zitsulo zolimba. Disiki anaiponyamo yopanda chotchinjiriza chilichonse. Nditaigoneka pa galasi la tebulo, mbali imodzi inatukuka moti khadi ya kubanki inkalowa pansi pake bwinobwino. Kathumba ka mabawuti ndi adaputala kunalibe.

Wina anganene kuti mabawuti ndi kanthu kakang'ono, kagule ena. Amene anagwirapo flat mount, kamangidwe ka caliper pa felemu ngati yangayi, akudziwa kuti sizili choncho. Kumbuyo, mabawuti amadutsa m'felemu momwe kuchokera pansi n'kukagwira caliper, ndiye utali wake umadalira kunenepa kwa felemu pamalo pamenepo. Lalifupi siligwira mokwanira, lalitali limafika kumapeto lisanamange. Pa buleki sungachite zongoyerekeza. Ndipo popanda adaputala, caliper siingakhale pamalo oyenera disiki ya 180. Choncho zitsulo zatsopano zinangokhala m'kabati, ine n'kumatsetserekabe ndi zakale zija.

Inshuwalansi ndinalipira, musaiwale. Nditadandaula anandiyankha kuti imagwira ntchito phukusi likasowa lonse, koma langa "linaperekedwa ndipo linasainidwa". Za kupindika kwa disiki akuti nditumize zithunzi za phukusi lisanatsegulidwe ndi umboni wakuti linawonongekera m'manja mwawo. Amene analitsegula koyamba ndi iwo, kachiwiri ndi anzawo. Ine wachitatu ndiye ndipereke umboni? Kumeneku ndi kuba kovala tayi.

Tsono kwa amene mukufuna kusintha mabuleki, mafuta musaitanitse kunja, gulani komwe muli. Ngakhale atawalola kudutsa, kabotolo kakangotayikira m'katoni n'kukhudza mapadi, mapadiwo atha ntchito, adzangolira osagwira. Ndipo dziwani mtundu wake musanagule caliper: ena amayendera mafuta a mineral, ena DOT 4 kapena DOT 5.1, ndipo siziphatikizana. Mukathira olakwika timalabala ta mkati timafufuma n'kuwonongeka. Caliper iyenera kugwirizana ndi chogwirira cha buleki chomwe muli nacho, ndipo pa gravel chogwiriracho nthawi zambiri n'chimodzimodzi ndi chosinthira magiya, chodula kwambiri kuposa caliper. Wotumiza katundu sadzakubwezerani kanthu chifukwa choti munagula chosakwana, ndipo kubweza katundu kudzera mwa anthu awa ndi kulipiranso ulendo wonse.

Pa fomu ya kasitomu muziumirira kuti alembe "mabuleki a njinga" basi. Caliper ilibe waya, ilibe batire, palibe chifukwa chotchulira magetsi. Nambala yake pamndandanda wa katundu wa kasitomu ndi 8714.94, ya mabuleki a njinga ndi zipangizo zake. Ipatseni wolemba fomuyo nokha, musamusiyire kuti aganize. Muuzeninso wogulitsa kuti disiki aiike pakati pa makatoni awiri olimba, kathumba ka mabawuti akamatirire ku bokosi la caliper, ndipo timapulasitiki tokhala pakati pa mapadi tisachotsedwe. Phukusi likafika, yatsani kamera ya foni musanadule tepi. Likaoneka lotsegulidwapo, muuzeni wobweretsayo alembe zimenezo musanasaine, achite kunyinyirika bwanji.

Zosowazo ndinazipeza kwa wogulitsa wina wamng'ono amene anavomera kutumiza pa positi wamba, ya rejisitala. Ndinkaidelera positi, ndimati ndi ya makalata a agogo. Inachedwerapo, inde, ndipo tracking yake imangolankhula apo ndi apo. Koma kafomu ka kasitomu ka CN22 kanalembedwa zoona, disiki inafika ili pakati pa makatoni yowongoka bwino, mabawuti onse alimo, ndipo zomwe ndinalipira polandira zinalembedwa poyera popanda mzere wodabwitsa. Pa tizipangizo ting'onoting'ono topanda batire ndi topanda mafuta, ine tsopano ndine wa positi. Mnzanu wodalirika akakhala paulendo, mabawuti ndi adaputala angathe kukunyamulirani m'chikwama, koma batire ya njinga musamusenzetse, siiloledwa m'ndege za anthu.

Mabuleki ndinamanga, mpweya ndinachotsa m'mapaipi, mapadi ndinawazoloweretsa pa disiki pomanga buleki mobwerezabwereza pamalo athyathyathya ndisanapite kumtsetse. Kusiyana kulipo, chala chimodzi chikukwanira pomwe ndinkafinya ndi ziwiri.

Dandaulo langa kwa akampani aja analitseka okha, n'kunditumizira uthenga wopempha kuti ndiwapatse nyenyezi. Pano nkhaniyi ndaitengera kubanki yomwe inandipatsa khadi, ndi malisiti onse ndi mauthenga awo. Ngati alipo wina mwa inu amene anabwezeredwapo ndalama mwa njira imeneyi pa katundu wofika wosakwanira, andiuze mapepala omwe anamufunsa, ndisakapezeke ndikusowa chimodzi.