Ndinalowa kafukufuku wa zachipatala kuti ndilipire bilu ya amayi

Amayi anga anakomoka usiku wa Lachisanu mu February 2024. Timakhala ku Area 25, ine ndimasoka zovala pakhonde la shopu pa Nsungwi. Aneba athu anatitengera pa galimoto yawo ku chipatala cholipira chomwe chinali pafupi, poti nthawi imeneyo maganizo onse anali pa moyo wa munthu. Anawapeza ndi shuga yokwera kwambiri komanso BP. Anagonekedwa masiku anayi, ndipo potuluka bilu inali K410,000. Ndinapereka K150,000 yomwe ndimasungira makina atsopano. Yotsalayo ndinasainira.

Patapita sabata ziwiri, kasitomala wanga wina atandiona ndawonda ndi maganizo anati, "Achemwali, bwanji osalowa kafukufuku? Kumeneko ulendo uliwonse amapereka ndalama." Ndinapita ndi mtima wa munthu wopita ku ganyu. Kilinikiyo sinditchula dzina, koma ndakhala ndikupitako kwa chaka ndi miyezi, ndipo ndikufuna amene ali ndi ngongole ya chipatala ngati yangayi adziwe chomwe chili uko asananyamuke.

Tsiku loyamba palibe anandibaya kapena kundipatsa mankhwala. Anesi anandikhazika m'kachipinda, natseka chitseko, n'kuyamba kundiwerengera chikalata cha chilolezo cha m'Chichewa, tsamba ndi tsamba. Chinali chachitali, tinatha pafupifupi maola awiri. Kafukufuku wake ndi wa mankhwala oteteza amayi ku HIV. Anandiuza kuti gulu lomwe ndigweremo amasankha ndi kompyuta mwamaere, ndipo ngakhale iwowo sadziwa. Anandiuza zovuta zomwe mankhwala angadzetse m'thupi, kuchuluka kwa magazi omwe azitenga, powerengera masupuni, komanso kuti ndiyenera kukhala pa njira yolera nthawi yonse ya kafukufuku. Atatha anatembenuza pepala n'kunena kuti, "Tsopano mayi, tandifotokozereni inuyo zomwe mwamva." Pomwe ndinaphonya anabwerezanso. Chikalata china anandipatsa kuti ndikawerenge kunyumba ndisanasaine. Amene sadziwa kuwerenga amabwera ndi mboni yosagwira ntchito pa kafukufukuyo, n'kudinda chala.

Kunena zoona, chibadwire sindinaonepo wachipatala akundipatsa nthawi yotere. Ndinafunsa mafunso opitirira khumi ndipo sanandiyang'ane ndi diso loti ndikuwachedwetsa.

Ndinafunsanso za magazi, chifukwa kwathu kumudzi nkhani ya anamapopa sinathe m'mitima ya anthu chichitikire chipwirikiti cha 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe. Azakhali anga atamva anandiimbira foni akulira kuti ndagulitsa magazi. Anesi anandionetsa timabotolo take, tating'ono ngati chala, tolembedwa nambala m'malo mwa dzina langa, nandiuza chomwe kalikonse kakayezedwe: HIV, chiwindi, impso. Pachikalata paja panalembedwanso kuti kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti ya boma yoona za kafukufuku wa zaumoyo ya NHSRC ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo panali nambala ya komitiyo yoti ndiimbe ngati ndaona kuti sakundichitira bwino.

Tsono nkhani ya ndalama, yomwe inandipititsa. Iwo saitcha malipiro. Amati ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yomwe wataya. Mlingo omwe NHSRC inaika unali wa madola 10 a ku America pa ulendo, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, imeneyo inali pafupifupi K17,000. Amapereka tsiku lomwelo, umasaina, palibe chinyengo. Ine sanandiphonyepo ngakhale kamodzi. Koma chotsanipo minibasi yopita ndi kubwera, chotsaniponso tsiku lonse lomwe makina anga akhala chete. Poyamba maulendo amakhala pafupipafupi, kenako amatalikirana mpaka kutha mwezi kapena iwiri osaitanidwa. Nditawerengera pa kope langa la miyeso ya makasitomala, ndinaona kuti ngakhale nditasunga tambala iliyonse, K260,000 sindingaikwanitse m'chaka chimodzi. Usiku umenewo sindinagone.

M'mawa mwake ndinapita kukawauza alangizi kuti ndinabwerera ngongole, ndipo mwina ndisiye. Mayiyo sanandinyengerere. Anandikumbutsa kuti ndili ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo cha kuchipatala kulikonse. Anandifotokozera kuti ndalamayo amaichepetsa dala, kuopa kuti munthu wosauka angavomere chinthu choopsa chifukwa cha njala. Mfundoyo ndinaimva, ngakhale mpaka lero ndimaona kuti telala kapena mayi wa mandasi amene wataya tsiku lonse la malonda amayenera kuganiziridwa moposerapo. Kenako anandifunsa za amayi, n'kundiuza komwe ndingakagogode. Malangizo amenewo ndiwo anandithandiza kuposa envelopu.

Ndinabwerera ku chipatala cholipira chija, ku ofesi ya za ndalama, ndikupempha bilu yolembedwa chinthu chimodzichimodzi. Munapezeka kuti tsiku lotuluka analiwerengera ngati tagona, ndipo botolo limodzi la diripi linalembedwa kawiri. Anachotsa K35,000 popanda mkangano. Ndinapempha kulipira pang'onopang'ono, tinagwirizana K25,000 pamwezi, n'kulemberana. Ku banki mkhonde ndinabwereka K60,000, a kumphakati kwathu anasonkha K40,000, achimwene anga a ku Kasungu anatumiza pa foni atagulitsa soya. Wakatapila wina anandilonjeza ndalama yonse tsiku lomwelo, koma ndinamukana, chifukwa ndinaonapo mnzanga akulandidwa makina osokera.

Amayi ndinawasamutsira ku kiliniki ya shuga ya chipatala cha boma, komwe kuonana ndi adokotala n'kwaulere. Mzere ndi wautali, timanyamuka kusanache, ndipo mwezi wina mankhwala a shuga a metformin tinakagula ku famase. Komabe kusiyana kwake ndi kwakukulu. Ndinafufuzanso za zipatala za mishoni za CHAM: zina zili pa mgwirizano ndi boma wothandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono kwaulere, koma gogo wa shuga sakhudzidwa. Za inshuwalansi ya zachipatala ya MASM ndi zoti umalowa usanadwale n'kumasonkha mwezi ndi mwezi, bilu yakale sakulipirira.

Kafukufuku sindinasiye. Zodandaula zilipo ndithu. Pa maulendo ena ndimafika 7 koloko m'mawa n'kutuluka 2 koloko masana, nthawi yambiri ndikudikira zotsatira za ku labu. Amapereka tiyi ndi chakudya, koma ntchito yanga imaima. Mafunso ena a alangizi ndi a m'kati mwenimweni mwa banja, ndipo ukhale wokonzeka kuwayankha moona. Tsiku lina nditaphonya deti, wantchito wawo anabwera kunyumba pa galimoto yomwe aliyense pamalo pathu anaizindikira, ndipo mphekesera zoti ndili pa ma ARV zinafika mpaka pamsika. Ndinakadandaula, anapepesa, ndipo chiyambire pamenepo amangoimba foni. Dziwaninso kuti si aliyense amatengedwa. Mnzanga yemwe ndinapita naye anapezeka ndi magazi ochepa, anamulembera kalata yopita nayo kuchipatala, ulendo wake unathera pomwepo. Ndipo chithandizo chawo ndi cha iwe wolembedwa, amayi anga sakanawalandira.

Chomwe chinandisunga ndi ichi. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 16. Pamene ndinamva kuti jakisoni wa cabotegravir, wobayitsa pa miyezi iwiri iliyonse, anatsimikizika mu 2020 kuti amateteza amayi ku HIV, ndipo ena mwa omwe anayesedwa anali amayi a mu Lilongwe muno, ndinayamba kuuona mpando wodikirira uja mosiyana. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana kachilombo m'banja ndi 96 peresenti, munalinso mabanja a kuno. Katemera wa malungo yemwe Malawi anakhala dziko loyamba kupereka kwa ana pa 23 April 2019 anayesedwanso pa ana a ku Lilongwe. Amayi ena ake anakhala pa benchi ngati ine, mwana kumbuyo, kudikira kuti amutenge magazi.

Pa ulemu, chinsinsi cha m'chipinda ndi kufotokoza momveka, kilinikiyi ndiipatsa ulemu wonse. Pa kusunga nthawi akonzeko. Kwa amene akufuna kuthandiza ndiponso kudziwa za thupi lake, ndimulimbikitsa apite akamve yekha chikalata chija. Amene akufuna kutseka bilu ayambire ku ofesi ya za ndalama ya chipatala chomwe ali nacho ngongole.

Gawo lomaliza la ngongole ndinalipira mu November 2024, risiti ndinaiika m'kabuku ka kuchipatala ka amayi. Makina atsopano sindinagulebe. Deti yanga yotsatira ndi Lachiwiri, ndipo makasitomala ndawauza kale kuti madiresi awo adzatenge Lachitatu.