Kupulumutsa mbalame ya cheer ku Himalaya: khola kapena phiri?

Cheer ndi mbalame ya mtundu wa pheasant (mbalame zakutchire zonga nkhuku), yotuwa, ya mchira wautali wamizeremizere. Imakhala m'malo otsetsereka a udzu ku Pakistan, India ndi Nepal, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 mpaka 3,000, ndipo ikuchepa.

Kuweta mbalamezi m'khola n'kukazimasula kutchire kumaoneka kokoma poyamba. Thadzi limaikira mazira 9 kapena 10, n'kuswa pakatha masiku pafupifupi 26. Mavuto amayamba tsiku lomasula. Mwanapiye woleredwa ndi munthu sadziwa kulira kwa make kochenjeza za kabawi, sathawa nkhandwe, ndipo kukumba mizu ndi mlomo kumamuvuta. Bungwe la World Pheasant Association linayesa zimenezi ku Margalla Hills, pafupi ndi Islamabad, likulu la Pakistan, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma mbalamezo sizinakhazikike.

Kusamala phiri n'kotchipa, komabe ambiri amakulakwitsa. Cheer safuna nkhalango yowirira. Mukaletseratu kumweta udzu ndi kudyetsa ziweto, zitsamba zimadzadza paliponse, mbalame n'kusowa pokhala. Chofunika ndi nthawi: udzu umwetedwe anapiye atakula, ndipo moto usayatsidwe kuyambira Epulo mpaka Juni, chifukwa zisa zimakhala pansi. Alenje nawonso n'ngofunika kuwaletsa, poti cheer imalira m'bandakucha ndi madzulo pamalo amodzimodzi, n'kudziulula yokha.

Kumene mbalame zikadalipo, ndalama zipite kuphiri. Khola lithandize kumene zinatheratu, ndipo anapiye aleredwe ndi make.