Moodle pa koleji: mkulu wa sukulu adziwe izi asanalamule

Moodle ndi pulogalamu yaulere yophunzitsira pa intaneti imene Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, makoleji ena kuno kwathu anaithamangira mwachangu. Pulogalamuyi ndi yolimba ndithu, koma ikagwa, gwero lake kawirikawiri limakhala ku ofesi ya mkulu, osati pa kompyuta.

Mphamvu yake yaikulu ndi kagawidwe ka maudindo. Mkulu wa dipatimenti mumupatse udindo wa Manager pa maphunziro a dipatimenti yake yokha, aphunzitsi akhale Teacher, othandizira kuchonga akhale Non-editing teacher. Mukasiya makiyi onse m'manja mwa mnyamata mmodzi wa ICT, tsiku limene wadwala ntchito yonse imaima. Ophunzira alowetseni pamodzi ndi fayilo ya CSV (mndandanda wa m'mizere wonga wa mu Excel) yokhala ndi username, firstname, lastname ndi email, koma kaundula akhale wokonzedwa kale, chifukwa imelo imodzi ikapezeka pa anthu awiri, wachiwiriyo amakanidwa.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa malikisi. Buku la malikisi limayamba ndi njira yotchedwa Natural, imene imangophatikiza malikisi onse. Ngati lamulo la koleji likuti ntchito ya m'kati mwa semesita ndi 40 ndipo mayeso ndi 60, pangani magulu awiri, musankhe Weighted mean of grades (njira yopatsa gulu lililonse gawo lake pa malikisi onse), semesita isanayambe. Mukazindikira izi zotsatira zitatuluka, ophunzira sakhulupiriranso pulogalamuyo, ndipo aphunzitsi amabwerera ku mapepala awo.

Pa seva (kompyuta imene Moodle imakhalapo), cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito za Moodle pa nthawi yake, iyenera kuyenda mphindi iliyonse, apo ayi mauthenga sapita. PHP, pulogalamu imene Moodle imayendera, imabwera ikulola mafayilo a 2MB okha, choncho kwezani malirewo. Seva ikakhala pa kampasi pafunika mabatire, chifukwa magetsi akathima usiku wopereka asayimenti, madandaulo amafika kwa dini (dean) wa koleji.

Musalamule kuti dipatimenti zonse ziyambe tsiku limodzi. Yambani ndi imodzi kwa semesita yathunthu, ndipo maola okonzera maphunziro awerengedwe pa ntchito ya mphunzitsi. Moodle imasonyeza amene analowa ndi nthawi yake. Mkulu akayamba kukalipira aphunzitsi ndi zimenezi, iwo amangoponyamo PDF imodzi kuti aoneke. Mavidiyo aatali amadya bandulo ya wophunzira, pomwe mafayilo ang'onoang'ono amatsitsidwa pa app ya Moodle n'kuwerengedwa popanda netiweki.