Nyumba yakale yamiyala ndi chipinda chatsopano: laimu kapena simenti, kulumikiza kapena kusiya mpata?

Ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, zikadalipo nyumba zamiyala, zina zinali makantina nthawi ya Apwitikizi, ndipo makoma ake amafika masentimita 40 kapena 50 kunenepa. Zambiri zinamangidwa ndi dothi kapena laimu pakati pa miyala. Khoma lotere limamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe, komanso limasuntha pang'onopang'ono osasweka. Chilichonse chimene mungasankhe pokonza chiyenera kulekerera khalidwe limeneli.

Tiyambe ndi zomatira. Simenti ndi yosavuta kupeza, ku Ulongwe ndi ku Moatize matumba a makilogalamu 50 ali mbwee, imauma msanga, ndipo mmisiri aliyense amaidziwa. Vuto lake pakhoma lakale n'lakuti ndi yolimba kuposa dothi lili m'kati ndipo salola madzi kutuluka. Madzi okwera kuchokera pansi amatsekeredwa, dothi la m'kati limafewa, pulasitala amayamba kulira ngati ng'oma mukamugogoda, kenako amagwa chigamba chonse atanyamula ndi timiyala. M'nyumba mumatsala fungo la nkhungu ndi mchere woyera m'munsi mwa khoma.

Laimu ndi wochedwa, amafuna kuleza mtima, koma amapuma pamodzi ndi khomalo. Muyezo wake ndi ndowa 1 ya laimu pa ndowa 3 za mchenga wakumtsinje wosefa. Mumuviike mu mgolo tsiku lathunthu, ngakhale sabata, mpaka akhale ngati phala lolimba. Kolopolani zomatira zakale pakati pa miyala kulowa masentimita 2 kapena 3, tsukani fumbi, nyowetsani, ndipo mukanikize matope atsopano ndi kachipande. Mukatero phimbani ndi masaka onyowa sabata imodzi. Kumunsi ku Tete ndi ku Changara, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, laimu akauma mofulumira amasanduka ufa, choncho ntchitoyi igwiridwe mu Juni kapena Julayi. Chenjerani pogula: laimu wothira m'munda wa mbatata ndi mwala wopera chabe, sagwira khoma. Funsani wa zomangira, amene pathumba amalemba kuti cal hidratada. Valani magolovesi, poti laimu amawotcha khungu ndi maso.

Ena amasakaniza simenti 1, laimu 2, mchenga 9. Pamiyala yolimba zimatheka ndithu, koma pakhoma la dothi m'kati laimu yekha ndiye woyenera.

Tsopano polumikiza chipinda chatsopano, pamene ndalama zambiri zimatayikira. Njira yoyamba, imene amisiri ambiri amaikonda, ndi kugumula miyala ina pangodya n'kulowetsamo njerwa ngati mano. Pomaliza zimaoneka zaukhondo. Koma nyumba yakale inakhazikika kalekale, pamene yatsopano imatitimira pang'ono m'zaka zoyambirira, makamaka padothi la makande lomwe limatupa ndi mvula n'kung'aluka ndi dzuwa. Ziwirizi zikamangiriridwa, yatsopano imakoka yakale, mng'alu n'kutsika kuchokera padenga mpaka pansi.

Njira yachiwiri ndi kumanga khoma latsopano pambali, loima palokha ndi maziko akeake, n'kusiya mpata wa masentimita 2. Mumpatamo mumalowa chiponji kapena bolodi lofewa, kunja mumatseka ndi mankhwala omatira osauma gwa, ndipo pamwamba pamakhala lata lopinda lokhomeredwa kukhoma limodzi lokha. Mumawononga mabuloko ochuluka chifukwa cha khoma lachiwirilo, koma chilichonse chimasuntha mwa icho chokha. Yachitatu ndi kutalikitsa nyumba ziwirizi ndi kakhonde kofolera ka mamita 1.5 kapena 2. Imadya malo, komabe ngati m'chipinda chatsopano mukhala bafa kapena khitchini, iyi ndiyo yabwino, poti madzi a m'mapaipi sayandikira miyala.

Kaya mwasankha iti, musakumbe ngalande yozama kuposa maziko akale mogundizana nawo. Maziko a nyumba zimenezi nthawi zambiri ndi osaya. Ngati simungachitire mwina, kumbani chigawo chotalika mita imodzi yokha, thirani konkire wa simenti 1, mchenga 3, kwale 6, ndipo mudikire alimbe musanakumbe potsatira.

Za khoma latsopano palibe zambiri. Mabuloko a masentimita 40 ndi 20 amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, ntchito imathamanga, koma owumba mongothira kasimenti pang'ono amafumbutuka ndi chala. Njerwa zowotcha zimasunga kuzizira bwino ndipo zimaoneka zogwirizana ndi miyala, kungoti zimadya nkhuni ndi matope ambiri. Miyala yokhayokha ndi yokongola, koma wodziwa kuisema ndi wosowa ndipo amachedwa. Zonsezi zimafuna pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko ndi bimu yazitsulo pamwamba pa mazenera.

Padenga pewani kukumanitsa malata akale ndi atsopano pa ngalande yogona pamwamba pa khoma lamiyala. Masamba akaitseka mu Januwale, madzi onse amalowa pakati pa khomalo. Ndi bwino denga latsopano likhale lotsikirapo, lopendekera kunja, ndipo malata atuluke masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma.

Musanagule thumba ngakhale limodzi, yesani ming'alu imene ilipo kale. Matani kagalasi kopyapyala mopingasa mng'alu, lembani tsiku pambali, dikirani dzinja lidutse. Kagalasi kakapezeka kathunthu mu Epulo, mng'aluwo unaima, ungofunika kutseka ndi laimu. Kakasweka, ndiye kuti maziko akuyenda, ndipo ndalama ya chipinda chatsopano iyambe yapita kumeneko ndi ku ngalande yochotsa madzi kuseri kwa nyumba.