Makala, makungwa, makoko a kokonati kapena moss: chobzalamo orchid kuno kunyanja

Orchid wogula m'masitolo a maluwa ku Lilongwe, makamaka wa mtundu wa Phalaenopsis, amabwera mizu itapanikizidwa mu moss wonyowa (timaudzu tofewa tosunga madzi ngati siponji), m'kakapu ka pulasitiki. Akafika ku Salima amakongola miyezi 2 kapena 3, kenako masamba amayamba kukwinyika ngati asowa madzi. Mwini wake amawonjezera kuthirira, osadziwa kuti mizu inaola kale ndipo palibenso chokoka madziwo. Kwawo duwali limamera pamitengo, mizu ili pamtunda mphepo ikuiwomba. Ndiye posankha chobzalamo muziyang'ana ziwiri: chimauma msanga bwanji, ndipo inu mungathirire kangati pa sabata.

Moss tiyambe tamuchotsa. Amasunga madzi sabata yathunthu, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi, chinyezi chikadzaza m'nyumba, pakati pake sipauma n'komwe. Ntchito yake kuno ndi imodzi: kutsitsimutsa duwa lomwe latsala ndi mizu iwiri kapena itatu, ndipo pamenepo mumuike momasuka, osatsendera.

Makungwa a paini ndiwo amatamandidwa kwambiri, ndipo m'pake. Mphepo imadutsa bwino, chinyezi chimakhalapo masiku 3 kapena 4. Koma kuno paini kulibe, muyenera kuitanitsa kwa ocheka matabwa ku Dedza kapena ku Chikangawa. Aduleni zidutswa za masentimita 1 mpaka 2, muwaviike maola 24, chifukwa khungwa louma silimwa madzi, amangotsetsereka n'kutuluka pansi. Kutentha kwa kunyanja kumawafumbutsa msanga: zaka 2 zisanakwane pansi pamphika pamakhala ngati manyowa, ndipo mizu imabanika mmenemo. Chinanso chiswe. Mphika wa makungwa ukakhala padothi, chiswe chimalowera pabowo n'kudya mkati monse pamwamba pakuoneka bwinobwino. Upachikeni ndi waya pakhonde.

Makoko a kokonati sasowa m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota. Amasunga madzi kuposa makungwa, choncho amathandiza munthu wochokachoka pakhomo amene amathirira kamodzi pa sabata. Aduleni timabokosi, muwaviike masiku 3 mukusintha madzi tsiku lililonse mpaka atasiya kufiira. Kuipa kwake n'komweko: mvula ikamawagwera amakhala chinyowere, mizu n'kuda.

Makala ndiwo tingasankhe ife. Saola, chiswe sichiwafuna, ndipo ali pamsika uliwonse. Sankhani olimba, olira ngati chitsulo mukawagogoda, muwaswe kukula ngati nsonga ya chala chachikulu, muwatsuke mpaka fumbi lakuda lithe. Phulusa lisakhalemo ngakhale pang'ono, limawotcha nsonga za mizu. Koma makala okha amauma tsiku lomwelo, moti mu Okutobala ndi Novembala mudzathirira m'mawa uliwonse. Amagwiranso mchere: mukamathira madzi a mjigo owawasa, pamwamba pamabwera zoyera ngati ufa ndipo nsonga zobiriwira za mizu zimasanduka zakuda. Mankhwala ake ndi madzi amvula. Kamodzi pamwezi tsanulirani malita 2 kapena 3 adutse mumphika monse. Popeza makala okha amauma msanga, timasakaniza: magawo 2 makala, gawo 1 njerwa zowotcha zoswa, gawo 1 makungwa kapena makoko. Njerwa zimasunga kachinyezi, zimalemeretsanso mphika kuti mwera wa mu Juni ndi Julaye usaugwetse.

Pa mphika, wadothi ndi wapulasitiki onse ali ndi pawo. Wadothi umapuma ndipo umaziziritsa mizu nthawi yotentha, koma uzani oumba aboole pansi ndi m'mbali asanauwotche, pakuti kuboola wowotcha kale kukhoza kuuswa. Mizu imakakamira kudothi, ndiye posamutsa muuviike mphindi 20, zikakanika ingouphwanyani, mphika sungapose mizu mtengo. Wapulasitiki woonekera mkati ndi mphunzitsi wabwino kwa oyamba kumene: mizu ikaoneka yobiriwira dikirani, ikatuwa ngati siliva thirirani. Uboolereni m'mbali ndi msomali wamoto, ndipo dzuwa lisamauwombe, umatentha ngati chitini.

Pali orchid wina wosafuna mphika n'komwe, Ansellia africana, wamaluwa achikasu amawangamawanga ngati kambuku, amene amadzimerera m'mphanda za mitengo ndi pa migwalangwa kuno kunyanja. Pemphani kwa mnansi chigawo cha mapesi osachepera 4 (za kukazula m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota ayi, n'kuphwanya lamulo), muchimangirire pamphanda ya mango ndi chingwe cha nsalu mvula ikamayamba. Timizu toyera toloza kumwamba timene amatulutsa musatidule, ndi dengu lake logwirira masamba oyoyoka omwe amasanduka chakudya.

Nthawi yosamutsa ndi pamene maluwa athothoka ndipo nsonga za mizu yatsopano zayamba kuoneka. Chotsani zakale zonse, muone mizu umodziumodzi. Wamoyo ndi wolimba mukaufinya. Wakufa ndi wofewa, ndipo mukaukoka khungu limasololoka n'kutsala kaulusi. Dulani yakufayo ndi lezala lomwe mwaliwambako pamoto. Mphika watsopano upose mizu ndi masentimita 2 okha, chifukwa waukulu sachedwa kusunga dziwe pakati. Phalaenopsis akhale pakati, tsamba lapansi lili pamwamba pa makala. Orchid wa mtundu wa Dendrobium ndi ena oyanga cham'mbali, mapesi akale agunde m'mphepete kuti atsopano apeze malo. Gogodani mphika kuti zidutswa zilowe m'mipata, osakanikiza ndi chala. Ngati duwa likugwedera limangirireni kukamtengo, pakuti muzu watsopano ukamakhuzika nsonga yake imafa.

Masiku 4 oyamba musathirire, mabala aume. Kenako thirirani m'mawa, ndipo madzi akalowa pamtima pa masamba a Phalaenopsis apukuteni ndi kansalu, akagona pamenepo mtima umaola duwa n'kuthera pompo. Feteleza akhale wosungunuka m'madzi, kota ya muyezo wolembedwa papaketi, kuyambira patatha mwezi. Wa chimanga uja, urea kapena CAN, musamwazepo: kambulu kamodzi kakakhala pamuzu kamasiya bala lakuda.